Chimene Anthu Adakwerera Mapiri a Dedza

Mlendo wochokera ku Tete, m'dziko la Mozambique, amayamba ulendo wake thukuta lili kamukamu, pakuti mzinda umenewo uli m'chigwa cha Zambezi momwe dzuwa limaswa mtengo. Galimoto ikayamba kukwera mitunda ya ku Angonia, mpweya umanka nusintha pang'onopang'ono, ndipo pofika pachipata cha Calomue, pamalire a Mozambique ndi Malawi, munthu yemwe uja amakhala akufunafuna chofunda m'chikwama. Akangodinditsa chiphaso chake n'kuyenda kamtunda kochepa, amaona phiri lalikulu litaima patsogolo pake, ndipo m'tsinde mwake mutayala tauni ya Dedza.

Palibe tauni ina m'Malawi yomwe ili pamwamba kuposa imeneyi. Nyumba zake zidakhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pamalekeza madzi a nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Kuchoka ku Dedza kupita ku Lilongwe ndi makilomita 85 okha pamsewu wa M1, koma nyengo ya malo awiriwa imasiyana ngati kuti ali m'maiko awiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu imatsika m'phiri m'mamawa n'kuphimba msika ndi maofesi. Ana asukulu amayenda manja ali m'khwapa, ndipo amayi ogulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu amadzikulunga zitenje ziwiriziwiri.

Tauniyi ndi yaing'ono pamsinkhu. Idabadwa ndi boma la atsamunda, ndipo zaka zake sizidakwane 150. Wofuna mbiri ya Dedza saipeza m'misewu ya paboma. Ayenera kutuluka n'kuyang'ana mapiri ozungulira. Nthaka ya m'zigwa za pakati pa mapiriwa ndi yachonde ndithu, motero sizodabwitsa kuti anthu adakhazikikamo. Chodabwitsa n'chakuti zizindikiro za anthu akale zimapezekanso m'mapanga ndi pamwamba pa matanthwe, pomwe khasu silingalowe ndipo madzi ndi akutali. Kodi munthu wanzeru zake angasiyirenji dambo n'kukagona pamwala pozizira chotere? Mbadwo uliwonse umene udakwera mapiri amenewa udali ndi china chake chofuna kubisa: mwina mwambo, mwina chakudya, ndipo nthawi zambiri moyo weniweniwo.

Oyamba kudziwika m'mapirimu ndi Akafula, omwe ena amawatchula kuti Abathwa. Iwowa sankalima kapena kuweta. Ankadya nyama zam'tchire, uchi, zipatso ndi mizu, ndipo zida zawo zidali zamiyala, zamafupa ndi zamitengo. Nthano za Achewa zimawakumbuka monga anthu aafupi koma aukali ndi uta, osafuna kuti wina atchule za msinkhu wawo. Akuti munthu akakumana ndi mmodzi wa iwo ankafunsidwa kuti, "Mwandionera pati?" ndipo wofuna moyo ankayenera kuyankha kuti wamuonera kutali zedi. N'chifukwa chake dzina lawo lina ndi Amwandionerapati. Nthanoyi imaseketsa ana pamoto madzulo, komatu mkati mwake muli fungo la mkangano wakale, wa eni dziko amene ankaona alendo akufika ndi makasu ndi nkhwangwa zachitsulo n'kumagwetsa nkhalango yomwe inkawadyetsa.

Chomwe Akafula adasiya chili m'dera la Chongoni, chakumpoto ndi chakumadzulo kwa tauni. M'mapanga ndi kunsi kwa matanthwe opendekera a ku Chentcherere, Mphunzi ndi Namzeze muli zojambula zautoto wofiira: mizere yondondozana, timadontho, ndi zozungulira zina m'kati mwa zinzake, monga amachitira madzi a pachithaphwi mwala ukagweramo. Utotowo udalowerera m'mwala kotero kuti zaka mazanamazana sizidathe kuufafaniza. M'chaka cha 1972 katswiri wofukula za m'mabwinja, J. Desmond Clark, adakumba m'phanga la Mwana wa Chentcherere, ndipo adapezamo tizida tamiyala ndi mafupa a nyama, komanso mapale a miphika m'dothi la chakumwamba. Izi zidaonetsa kuti alenje aja sadathe tsiku limodzi. Adakhala nthawi yaitali moyandikana ndi alimi oumba miphika ndi osula zitsulo. Koma m'mene minda inkakula m'zigwa, iwo ankatsalira m'mapiri, kufikira mtundu wawo udasungunuka pakati pa anzawo ochuluka aja.

Pamwamba pa zojambula zofiira pali zina zoyera, zopakidwa ndi chala choviika m'dongo loyera. Zimenezi ndi za Achewa. Zambiri zimaoneka ngati buluzi kapena bilimankhwe wotambasula miyendo, monga angaonekere kwa munthu womuyang'ana kuchokera pamwamba. Akatswiri amene adazifufuza, atacheza ndi amayi achikulire a m'midzi yozungulira, adapeza kuti zojambulazi zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana. Anamkungwi ankafuna malo obisika, kutali ndi maso a amuna ndi ana, kuti alangize anamwali za ukhondo, za ulemu, za banja ndi za uchembere, ndipo chithunzi cha pathanthwe chinkathandiza kuti mwambo wonenedwa pakamwa usaiwalike. Kumeneku sikudali kukwera kwa mantha ayi. Amayiwa akamaliza ntchito yawo ankatsika n'kubwerera kumudzi, kumene kudali nkhokwe, bwalo ndi mfumu.

Ndipo mfumu yaikulu ya nthawi imeneyo sinkakhala paphiri. Likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi, lidali ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kunsi kwenikweni kwa mapiri a Dedza, pamalo athyathyathya oyandikana ndi nyanja. Katswiri wa ku Malawi konkuno, Yusuf Juwayeyi, adafukula pamalowa ndipo adalemba zomwe adapeza m'buku lomwe lidatuluka m'chaka cha 2020. Zofukulidwazo zikusonyeza kuti anthu adali atakhazikika kale pamenepo m'zaka za m'ma 1400, ndi kuti adali amalonda otsogola. M'dothi la Mankhamba mudatuluka mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, zidutswa za mbale za ku China, zinthu zamkuwa ndi zibangiri zaminyanga ya njovu. Apwitikizi a ku Tete ankaudziwa ufumu umenewu ndipo adaulemba m'mabuku mwawo ndi dzina loti Maravi. Kuchokera ku Mankhamba komweko ndiko kudanyamuka Undi kukakhazikitsa ufumu wake chakumadzulo, ndipo mpando wake lero uli ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a maiko atatu amakasonkhana chaka ndi chaka pamwambo wa Kulamba.

Mfundo yake apa njoonekeratu. Ufumu wamphamvu umamanga likulu lake poyera, pafupi ndi madzi ndi njira za malonda, chifukwa chitetezo chake ndi dzina la mfumu ndi kuchuluka kwa anthu ake. Masiku amenewo mapiri a Dedza adali kosaka nyama, kotema mitengo, kokumba miyala yachitsulo ndi kochitira miyambo. Adasanduka pogona pamene dzina la Kalonga lidaleka kuopsa.

Izi zidachitika m'zaka za m'ma 1800. Mafumu aang'ono adali atayamba kale kudziimira paokha ndi kuchita malonda mosadzera kwa Kalonga. Kenaka kumisika ya kugombe la nyanja yamchere, monga Kilwa ndi Zanzibar, kudakula njala ya minyanga ndi ya akapolo. Mafumu ena a Ayao, amene adali ndi mfuti za gogodera, adakhazikika kumwera kwa nyanja ya Malawi n'kuyamba kugwira anthu m'midzi ya Achewa ndi Amang'anja. Ogwidwawo ankamangidwa m'magoli, kuwolotsedwa nyanja m'zombo kapena kuzungulitsidwa kumwera kwake, n'kuyendetsedwa miyezi ingapo kupita kugombe. Kalonga wotsiriza wa ku Mankhamba, Sosola, adaphedwa pankhondo yolimbana ndi Ayao m'zaka za m'ma 1860, ndipo likulu lomwe lidakhala zaka mazana anayi lidasanduka bwinja.

M'chaka cha 1866, cha m'mwezi wa Okutobala, David Livingstone adakwera mapiri amenewa kuchokera kunyanja ali paulendo wake wotsiriza. Zomwe adalemba zimaonetsa dziko lomwe lidali likadali ndi moyo wake wakale: midzi yambiri yozingidwa ndi mipanda ya nkhadze, minda yolimidwa mwaluso, ng'anjo zoyengera chitsulo ndi anthu osula makasu. Koma kulikonse kumene ankafika ankamva dzina limodzi lotchulidwa mwamantha, la Mazitu, ndiwo Angoni. Mlendoyo adadutsa n'kupita chakumadzulo. Patangotha zaka zochepa, chomwe eni dziko ankaopa chidafika n'kumanga mudzi pakhomo pawo penipeni.

Angoni a kwa Maseko adachokera kumwera kwa Africa m'nthawi ya nkhondo za Shaka. Atawoloka Zambezi adayenda mpaka ku Songea, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, koma atagonjetsedwa ndi Angoni anzawo kumeneko adabwerera kumwera motsogozedwa ndi Chidyaonga. Cha m'ma 1870 adakhazikika pa Domwe, phiri lomwe lero lili mbali ya Mozambique, kosatalikirana ndi Dedza. Chidyaonga atamwalira mu 1878, ufumu udapita kwa Chikuse, mwana wa Mputa. Nkhondo ya Angoni idali yachilendo kwa Achewa. Mchewa ankamenya nkhondo ndi uta ali patali. Mngoni ankabwera ndi chishango chachikopa chotchinga mivi, nafika pafupi ndi nthungo yaifupi yobayira. Magulu ankhondo ankatuluka m'chilimwe, anthu atakolola, ndipo ankagwera mudzi m'bandakucha. Ankatenga ng'ombe, chimanga, amayi ndi ana.

Apa ndi pamene Achewa adakwera mapiri ndi mabanja awo. Ena adamanga malinga adothi m'zigwa, koma ambiri adaona kuti linga loposa onse ndi thanthwe. Akuluakulu amasimba za moyo umenewo mosausirira. Masana anthu ankatsika kukalima, alonda ali pamwamba kuyang'ana fumbi kapena utsi mbali zonse, ndipo mfuu ikamveka aliyense ankataya khasu n'kuthamangira kumtunda. Njira zokwerera zidali zopapatiza, zoti munthu mmodzi yekha n'kudutsa, ndipo pamwamba pake ankaunjikapo miyala yoti aigubuduzire adani. Chishango chimatchinga muvi, koma sichitchinga mwala wogubuduka. Motero phiri linkapulumutsadi moyo.

Koma phiri silidyetsa. Madzi ankatungidwa kunsi, ndipo mayi wosenza mtsuko, mwana ali kumbuyo, ankakwera nawo matanthwe otsetsereka tsiku ndi tsiku. Ambiri ankagwidwa panjira ya kumadzi yomweyo. Minda yakutali idasiyidwa, chakudya chidachepa, ndipo anthu othithikana pamalo amodzi ankapatsirana matenda mosavuta. Nkhalamba zomwe sizikadatha kukwera, ndi makanda omwe kulira kwawo kukadaulula pobisala, ndiwo ankavutika koposa. Chisanu chomwe lero chimasangalatsa mlendo wovala jekete chidapeza anthu amenewa atavala nyanda ndi zikopa, nthawi zina osayatsa moto poopa kuti utsi ungaitane nkhondo. Mbadwo wathunthu udabadwira ndi kukulira m'moyo wotere, wosadziwa kugona tulo tofa nato m'nyumba ya m'chigwa.

Kungakhale kulakwa kuinena mbiri imeneyi ngati kuti mtundu wina udali wa afisi okhaokha ndipo wina wa mbuzi zokhazokha. Padali mafumu a Achewa amene ankagulitsa anthu awo omwe kapena a mnzawo posinthana ndi nsalu ndi wonga. Padali Ayao ambiri amene nawonso adafika kuno akuthawa nkhondo ndi njala kwawo. Ndipo Angoni, ngakhale kuti nawo ankagulitsako ena, ogwidwa ambiri ankawasandutsa anthu awo: mnyamata ankalowa m'gulu lankhondo, mtsikana ankakwatiwa m'mudzi. Mapeto ake, ana a Angoni adayamwa chilankhulo cha amayi awo, ndipo lero Mngoni wa kwa Kachindamoto kapena kwa Kamenyagwaza amavina ngoma atanyamula chishango koma nkhani zake amakamba m'Chichewa. Wogonjetsa ndi wogonjetsedwa adasanduka apongozi.

M'chaka cha 1891 mudachitika zambiri. Chikuse adamwalira, ndipo adamwaliranso Chifisi, mwana wa Chidyaonga, yemwe ankalimbana naye. Olowa m'malo mwawo, Gomani ndi Kachindamoto, adapitiriza mkangano uja mpaka kumenyana nkhondo, mbali iliyonse ikufuna thandizo la Ayao amfuti. Kachindamoto adagonja natsikira kunyanja, ku Mtakataka, kumene ufumu wake uli mpaka lero, pafupi ndi bwinja la Kalonga. M'chaka chomwecho Angerezi adalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo, ndipo Harry Johnston adayamba kugonjetsa mafumu mmodzimmodzi ndi asilikali ochokera ku India pamodzi ndi ena olembedwa konkuno. Mu 1896 nkhondo yawo idafika kwa Tambala, mfumu ya Ayao yomwe nayo idamanga linga lake paphiri m'dera la Dedza. Mwala wogubuduka sudathandize polimbana ndi mzinga woponya kuchokera kutali, ndipo lingalo lidagwa. M'mwezi wa Okutobala chaka chomwecho Gomani adagwidwa n'kuwomberedwa m'dera la Ntcheu. Angoni amasimba kuti iye adakana kuyenda womangidwa ngati kapolo, ndipo manda ake amalemekezedwa mpaka lero.

Zitatero anthu adayamba kutsika. Chitsanzo chodziwika bwino chili ku Nkhoma, chakumpoto kwa Dedza, kumene anthu a Mfumu Mazengera ankakhala paphiri poopa adani. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adamanga mishoni m'tsinde mwa phirilo mu 1896, ndipo midzi idayamba kufalikira m'chigwa. Mabuku a atsamunda ankakonda kuinena nkhaniyi monga ya mtendere wobwera ndi mzungu. Zoona zilimo, pakuti magoli adatha ndipo mayi adatha kupita kumadzi osayang'ana kumbuyo. Koma wotsika m'phiri adapeza msonkho wa nyumba ukumudikira m'chigwa, ndipo kuti aupeze adayenera kusiya banja n'kukagwira ntchito m'minda ya azungu kumwera, kapena m'migodi ya ku Rhodesia ndi Johannesburg. Mudzi wa m'chigwa udali wosavuta kulima, komanso wosavuta kuuwerenga m'kaundula.

Padali gulu limodzi lomwe lidakwerabe mapiri ena onse akutsika. Gule Wamkulu adali ndi adani atatu motsatizana: mafumu ena a Angoni amene ankaona kuti dambwe ndi ufumu wina m'kati mwa ufumu wawo, amishoni amene ankati ndi zachikunja, ndi boma lomwe nthawi zina linkamvera madandaulo a amishoniwo. M'zaka za m'ma 1920 mkangano udakula kwambiri m'madera ozungulira mishoni za Katolika, chifukwa sukulu ndi dambwe zinkalimbirana anyamata omwewo. Zojambula zoyera zamtundu wachiwiri, zomwe zimaoneka bwino ku Namzeze, zimachokera m'nyengo yovutayi. Zimaonetsa zilombo za Gule, monga kasiyamaliro, ndipo akatswiri amaganiza kuti eni mwambo ankazijambula m'mapanga pophunzitsa olowa kumene, panthawi yomwe kuchita zimenezi poyera kudali kovuta. Tanthauzo lake lakuya ndi la eni ake, pajatu zakudambwe saulula. Koma pali chinthu chimodzi chomwe ngakhale mlendo wosalowa angachiwerenge: pakati pa zojambula zamtunduwu pali zina zooneka ngati galimoto. Munthu sajambula chomwe sadachionepo. Choncho chala chomwe chidapaka dongo pamenepo chidali cha munthu wa m'zaka za m'ma 1900, woti adzukulu ake akhoza kukhala ali moyo m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo.

Azungu nawo adawakonda mapiriwa, koma pazifukwa zawozawo. Kumtunda kudali kozizira ndipo udzudzu udali wochepa kusiyana ndi kunyanja, kumene malungo adapha amishoni ambiri oyamba. Boma lidamangidwa m'tsinde mwa phiri la Dedza. A Dutch Reformed adatsegula mishoni ya Mphunzi mu 1903. Ansembe a Katolika a gulu la White Fathers, amene adayamba ntchito ku Mua mu 1902, adakwera n'kutsegula Bembeke mu 1910, ndipo mu 1957 Cornelio Chitsulo adadzozedwa kukhala episkopi wa Dedza, Mmalawi woyamba kufika paudindo umenewu mumpingo wa Katolika. Mu 1951 boma lidatsegula sukulu ya sekondale ya Dedza, yomwe ophunzira ake akale amangoitchula kuti Box 48, potengera nambala ya bokosi lake la kupositi. Matupi a mapiri adabzalidwa mitengo ya paini, ndipo ku Chongoni kudakhazikitsidwa sukulu ya zankhalango.

Koma chinthu chomwe atsamunda adasiya chokhudza kwambiri moyo wa munthu wamba ndi malire. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 lidatsata msana wa mapiri: kumene madzi a mvula amatsikira kunyanja ya Malawi kukhale kwa Angerezi, kumene amatsikira chakumadzulo, kulunjika ku Zambezi, kukhale kwa Apwitikizi. Ogwirizanawo adali ku Ulaya, ndipo sadafunse mvula yokha komanso anthu. Domwe, likulu lakale la Angoni, lidagwera mbali ya Apwitikizi, ndipo n'chifukwa chake boma la kumeneko limatchedwa Angonia. Mbumba imodzi idapezeka ili m'maiko awiri, mwana akuphunzira Chingerezi pomwe msuweni wake akuphunzira Chipwitikizi, onse akulankhula Chichewa pamaliro amodzi. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali malo ena pomwe msewu wa M1 ndiwo malire enieniwo, kotero kuti munthu akhoza kutsika basi m'Malawi n'kugula matimati m'Mozambique osadziwa kuti watuluka m'dziko.

Mzere wosaonekawu udasanduka nkhani ya moyo ndi imfa pamene nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo idafika ku Angonia. Kuyambira mu 1986 anthu adakhamukira ku Malawi miyandamiyanda, atasenza mphasa, miphika ndi ana, ena akukusa ng'ombe zomwe zidapulumuka. Pofika kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, dziko la Malawi linkasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Kumaboma ena akumwera ambiri adaikidwa m'misasa, koma ku Dedza ndi ku Ntcheu ochuluka adangolowa m'midzi, napatsidwa malo omangapo ndi anyakwawa kapena achibale. Katswiri wa zachikhalidwe, Harri Englund, amene adakhala m'midzi ya m'malire amenewa, adalemba za moyo umenewu m'buku la mu 2002. Sudali moyo wopanda zokhoma. Malo olima adachepa, nkhuni zidasowa, mitengo ya m'mapiri idatha msanga, ndipo pankakhala kunong'onezana mwini mudzi akaona mlendo akulandira ufa ndi nyemba za chithandizo pomwe nkhokwe yake ili mbee. Komabe anthu adasungana. Woyenda pamsewu uja masiku amenewo ankaona mbali imodzi midzi yodzaza ndi anthu, mbali inayo masitolo ogumuka, opanda madenga, udzu utamera m'kati. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, ambiri adabwerera kwawo m'zaka ziwiri kapena zitatu zotsatira, ena atakwatira kapena kukwatiwa, ena atasiya manda a makolo awo mbali ino.

Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza Gule Wamkulu kukhala chimodzi mwa zachikhalidwe zamtengo wapatali padziko lonse, ndipo mu 2006 lidaika dera la Chongoni, ndi malo ake 127 a zojambula zapamiyala, pamndandanda wa malo oyenera kusungidwa ndi anthu onse. Chomwe chidajambulidwa mobisa tsopano chimakokera alendo ochokera kutali, amene amagona ku Dedza, kugula mbale ndi makapu kumalo oumbira ziwiya a Dedza Pottery, n'kulawirira kumapanga ndi wowatsogolera wa m'mudzi. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 800,000 m'boma la Dedza, ndipo onsewa amafuna minda, nkhuni ndi msipu. Nkhalango yomwe inkatchinga mapanga ku dzuwa ndi mvula yapyapyala m'malo ambiri. Abusa ousa mvula amayatsa moto m'phanga, utsi n'kudetsa denga lake. Ndipo m'mapanga ena, pamwamba pa zozungulira za Akafula ndi abuluzi a anamkungwi, pali maina a anthu olembedwa ndi makala kapena choko, ena mwa iwo ndi malembo owongoka bwino a munthu wopita kusukulu.

Mlendo wofuna kumaliza ulendo wake kumene nkhaniyi idasinthira amatsika ndi msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere kupita ku Golomoti. Pakona iliyonse nyanja imaonekera patali, ndipo kutentha kumanka kukula. Kuchoka ku Golomoti amalowera kumpoto, kudzera ku Mua, kumene nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, pamalo a zaluso a Kungoni omwe adayamba mu 1976, imafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao m'zipinda zoyandikana. Mtakataka ali patsogolo pang'ono. Wofuna kuona pomwe padali Mankhamba ayenera kufunsa eni dera, chifukwa nyumba za Kalonga zidali zamitengo, dothi ndi udzu, ndipo sizidasiye khoma. Pali minda, mitengo ya mango ndi midzi, ndipo chakumadzulo mapiri aja amaoneka ataima ngati mpanda, nsonga zake zili m'mitambo.